Lonjezo la boma pa mpweya wotenthetsa dziko liyesedwe pa uvuni wa makala ndi pa mbaula

Akonzi,

Tipatseniko danga kuti tilankhulepo za lonjezo limene boma lathu lidapereka ku United Nations mu July 2021, lomwe anthu ambiri muno mu Blantyre sadalimvepo ngakhale likukhudza mphika wawo. M'chikalata chotchedwa NDC, chimene dziko lililonse lomwe lidasayina mgwirizano wa ku Paris wa 2015 limayenera kupereka, Malawi idalonjeza kuti pofika 2040 idzakhala itachepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi magawo 51 pa 100 aliwonse, poyerekeza ndi mmene mpweyawo ukadachulukira tikadangoleka zinthu ziziyenda mmene zikuyenderamu. Mwa magawo 51 amenewo, 6 okha ndiwo tidati tikwanitsa ndi thumba lathu. Enawo, 45, akudikira ndalama zakunja. Ntchito yonse, pamodzi ndi yoteteza anthu ku ngozi zanyengo, idawerengeredwa pa ndalama zopitirira madola 46 biliyoni a ku America.

Chikalata chomwecho chimati mu 2017 dziko lino lidatulutsa matani pafupifupi 9.3 miliyoni a mpweyawu: oposa theka kuchokera ku ulimi ndi ziweto, kotala kuchokera ku mafuta ndi mphamvu zina, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kuchokera ku zinyalala ndi zonyansa za m'zimbudzi. Chiwerengerochi sichiphatikiza mpweya wobwera chifukwa cha kutha kwa nkhalango, pakuti nkhalango zidawerengedwa padera. Apa ndiye pagona nkhani yathu. Mabanja pafupifupi 97 pa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo kwa munthu wa ku Ndirande, Bangwe kapena Mbayani, mpweya wake wa tsiku ndi tsiku umatuluka m'thumba la makala. Ife tikuti lonjezo la 2040 lidzatheka kapena kulephereka pa uvuni, pa mbaula ndi m'mapiri otizungulirawa, ndipo boma liyesedwe kumeneko.

Chilungamo chake ndi chakuti amene adatenthetsa dzikoli si ife. Maiko a mafakitale asadayambe kutentha malasha ndi mafuta mochuluka, mpweya wa carbon dioxide, womwe ndi waukulu pa mipweya yotenthetsa dziko, mumlengalenga udali pa magawo 280 pa miliyoni iliyonse. Lero wadutsa 420. Africa yonse imatulutsa magawo osakwana 4 pa 100 a mpweya wochokera ku mafuta ndi malasha, ndipo munthu mmodzi wa ku America amatulutsa wochuluka kuposa Amalawi 100 ataphatikizana. Nanga tivutikiranji? Chifukwa zinthu zomwe zimatulutsa mpweyawu kwathu kuno ndi zomwezonso zikutigwetsera mapiri pamutu, kutithimitsira magetsi ndi kutiumitsira mipopi. Ngakhale Washington ndi Beijing akadapanda kutipatsa ndi tambala yomwe, tikadayenerabe kukonza zimenezi.

Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusenza nthunzi ya madzi yochuluka ndi magawo 7 pa 100, ndipo nyanja ya India ikafunda anamondwe amapeza mphamvu zambiri. N'chifukwa chake mvula ya masiku ano imagwa yambiri pa nthawi yochepa, kenako n'kudula kwa milungu. Namondwe Freddy, yemwe adatha masiku 36 asadafe ndipo bungwe la zanyengo padziko lonse lidatsimikiza kuti palibe wina adakhalitsapo chotero, adafika kuno mu March 2023. Kauniuni wa boma adapeza kuti anthu 679 adamwalira, oposa 500 sadapezeke, ndipo oposa 650,000 adasowa pokhala. Aliyense mu mzinda uno akudziwa zomwe matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidachita ku Chilobwe ndi ku Manja. Chaka chotsatira, mu March 2024, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, kufunda kwa nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kuno. Chaka china madzi, chaka china dzuwa, munda womwewo.

Koma phunziro lalikulu pa nkhani ya mpweya lidabwera ndi namondwe Ana mu January 2022. Madzi adagumula damu la Kapichira pa Shire ndipo tidataya mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko lonse, mpaka mu 2023. Magetsi atayamba kuthima maola ambirimbiri, mabanja a ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Chinyonga omwe ankaphikira magetsi adatulutsa mbaula. Masitolo, zipatala ndi mafakitale a ku Makata ndi Ginnery Corner adaliza majenereta, ndipo lita iliyonse ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.7 a carbon dioxide. Madzi a mu mzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwezedwa mamita pafupifupi 800 kudzera pa Chileka; magetsi akangogwedezeka, mipopi imauma. Makala atakwera mtengo, owotcha adalowa m'nkhalango za ku Neno, Mwanza ndi Chikwawa, zomwe zili m'khwawa la Shire lomwelo. Nthaka ya m'mapiri ometedwawo imakokolokera mumtsinje, n'kukadzaza madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, magetsi n'kuchepanso. Ngati boma likufuna kuchepetsa mpweya, liyambe ladula unyolo umenewu, ndipo podula pake ndi pa makala.

Makala ambiri obwera mu Blantyre amawotchedwa m'mauvuni a dothi. Wowotcha amagwetsa tsanya, mombo kapena muwanga, kudula zipika, kuzisanja, kufolera udzu, kukwirira dothi, n'kuyatsa. Pa uvuni wotere pamafunika makilogalamu 7 mpaka 10 a mtengo kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala. Thumba lolemera makilogalamu 30 lomwe mnyamata amakankha pa njinga kukwera chitunda cha Lunzu ladya mitengo yolemera makilogalamu 200 mpaka 300. Zolakwika zake n'zodziwika. Choyamba, mtengo umalowa mu uvuni uli wauwisi, pamene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndiye gawo lalikulu la mtengowo limapsa pongouumitsa wotsalawo. Chachiwiri, zipika zimasanjidwa mosiya mipata ikuluikulu, zazikulu ndi zazing'ono mosasankha, moto n'kuyenda mbali imodzi: kwina kusanduka phulusa, kwina kutsala zikuni zosapsa. Chachitatu, dothi likang'aluka usiku ndipo palibe wotseka, mpweya umalowa n'kunyeketsa makala omwe adapsa kale. Ndipo chifukwa ntchitoyi ndi yobisa, wowotcha amafukula msanga, makala asadazizire, poopa alonda a nkhalango. Utsi wa uvuni wotere umakhalanso ndi methane, mpweya womwe pa zaka 100 umatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 28 kuposa carbon dioxide.

Zonsezi zimakonzeka popanda makina odula. Zipika ziumitsidwe milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, zitagonekedwa pa mitanda kuti zisakhudze dothi. Pansi pa uvuni pasanjidwe timitengo tosiya njira za mpweya, zipika zikuluzikulu zikhale pakati, zing'onozing'ono kunja, ndipo mipata yonse itsekedwe ndi tinthambi. Uvuni wa mtundu wa Casamance umangowonjezera chumuni chopangidwa ndi migolo itatu yowotchereredwa pamodzi, choimikidwa m'mbali, ndi mabowo olowetsa mpweya kuzungulira pansi. Chumunicho chimakoka kutentha kuti kuyende mu uvuni monse mofanana. Wowotcha amayang'ana utsi: woyera wokhuthala ndi madzi akutuluka, wachikasu ndiye kuti mtengo ukusanduka makala, ndipo ukayamba kubiriwira n'kupyapyala ndiye kuti makalawo ayamba kunyeka, pamenepo atseke mabowo onse ndi dothi n'kudikira uvuni uzizire bwinobwino. Akachita chotero, makilogalamu 4 kapena 5 a mtengo amapereka kilogalamu ya makala. Thumba lomwelo, theka la mitengo.

Vuto n'lakuti munthu wowotcha mobisa sangaumitse zipika mwezi wathunthu pamalo oonekera, ndipo sangaimike chumuni cha migolo chooneka patali. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola kuwotcha makala ngati munthu ali ndi chiphaso ndipo mitengo ikuchokera m'nkhalango yokhala ndi ndondomeko yoisamalira. Pamene lamuloli lidakonzedwa mu 2020, zilango zidakhwima, ndipo n'koyenera kuti eni magalimoto akuluakulu ozembetsa makala usiku azilandidwa magalimotowo. Komabe ziphaso zomwe zaperekedwa n'zowerengeka, monga cha kampani ya Kawandama Hills ku Viphya, kutali ndi msika waukulu wa makala womwe ndi Blantyre ndi Lilongwe. Kulanda matumba pa lodibuloko ya Zalewa sikuchepetsa chiwerengero cha mabanja ofuna kuphika nsima madzulo ano. Kumangokweza mtengo, ndipo mtengo ukakwera owotcha amachuluka. Ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 idavomereza yokha kuti kuletsa kokha sikukwanira. Chimene chikusowa ndi magulu a owotcha a ku Neno, Mwanza ndi Blantyre kumudzi okhala ndi ziphaso zotsika mtengo, minda yawoyawo ya keshya, nsungwi kapena bulugamu, ndi matumba osindikizidwa chizindikiro kuti wapolisi pa msewu athe kusiyanitsa. Bulugamuyo abzalidwe kutali ndi mitsinje ndi madambo, pakuti amamwa madzi kwambiri.

Kukhitchini nako kumatayika zambiri. Pa mafuwa atatu, kutentha kofika mumphika ndi magawo 10 mpaka 15 okha pa 100. Kwinako kumangothawira m'mbali. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo, imachepetsa nkhuni ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo, ndipo boma lidakwanitsa cholinga chake chofalitsa mbaula zamakono 2 miliyoni pofika 2020. Koma kugawa mbaula ndi kuigwiritsa ntchito n'zosiyana. Ambiri amaidzaza zikuni zikuluzikulu mpaka khomo lake kutsekeka, moto n'kusowa mpweya, utsi n'kuchuluka, mayi n'kubwerera pa mafuwa. Imafuna tinkhuni tiwiri kapena titatu towazidwa, touma, phulusa lichotsedwe musanayatse, ndipo mphika ukhale pa timiyendo take kusiya mpata wolowa chala kuti lawi lizungulire. Youmbidwa ndi dongo losapondedwa bwino, kapena yowotchedwa isanaume, imang'aluka m'miyezi yochepa. Kwa ophikira makala, mbaula yokhala ndi dongo mkati imasunga kutentha kuposa ya chitsulo chokhachokha ndipo imapulumutsa pafupifupi kotala la makala. Nyemba zikanyikidwa m'madzi usiku zimapsa pa theka la nthawi, ndipo mphika wovindikira sufanana ndi wosavindikira. Tichenjezenso pano, poti June ndi July amazizira ku Bangwe ndi Chigumula: mbaula ya makala m'chipinda chotseka imatulutsa carbon monoxide, mpweya wosanunkha womwe umapha anthu ali m'tulo.

Makala oumba kuchokera ku fumbi la makala, utuchi ndi makoko a mtedza kapena mpunga akadathandiza, koma opanga ena amathira dongo lambiri kuti alemere, ndiye amatulutsa phulusa lokhalokha osapsetsa nsima, wogula n'kulumbira kuti sadzagulanso. Chomatira chabwino ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, ndipo aziumitsidwa mpaka mkati. Bungwe loona za miyezo likadaika muyezo pa zimenezi n'kumauyendera.

Gasi ndi magetsi ndiye njira yotulutsiratu mabanja a m'tauni ku makala. Chotchinga pa gasi ndi ndalama zoyambira: silinda, legyuleta, paipi ndi chitofu zimafunika nthawi imodzi, pamene makala amagulidwa pa kajumbo tsiku ndi tsiku. Ndiye pafunika masilinda ang'onoang'ono a makilogalamu 3 ndi 6, malo odzazitsira m'makwalala momwe, osati m'tauni mokha, ndi mwayi wolipira pang'onopang'ono. Mantha a anthu athetsedwe ndi kuphunzitsa: silinda ikhale choimirira pamalo opita mphepo, paipi yong'aluka isinthidwe, ndipo kudontha kwa gasi kuyesedwe ndi thovu la sopo, osati machesi. Kwa omwe ali ndi magetsi, poto wamagetsi wotseka nthunzi amapsetsa nyemba m'ola limodzi pa yuniti yosakwana imodzi. Komabe palibe mayi angataye mbaula yake ngati magetsi amathima nthawi yophika.

Pa magetsi pali zoyamikira. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, adayamba ntchito mu 2021, ndipo a ku Golomoti, a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, adatsatira mu 2022. Dzuwa limathandiza masana, madzi a m'madamu n'kusungidwira madzulo. Ntchito yomanga damu la magetsi la Mpatamanga, ya mamegawati oposa 350, idzakhala yaikulu kuposa zonse, koma nayonso ili pa Shire, pakati pa Tedzani ndi Kapichira; ngati mapiri a Neno, Mwanza ndi Blantyre apitiriza kumetedwa, matope omwewo adzaipeza. Ndipo ganizo lomanga malo otenthera malasha a mamegawati 300 ku Kam'mwamba limabwerabwerabe. Magetsi a malasha amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi ya carbon dioxide pa yuniti iliyonse. Boma linene poyera ngati ganizoli lidakalipo, ndi mmene likugwirizanira ndi lonjezo la 2040, chifukwa ziwirizi zikukokerana kosiyana.

Tibwere ku mapiri. Ndirande, Soche, Bangwe, Mpingwe ndi Michiru onse adali ndi nkhalango. Ndirande lidametedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo Michiru, lomwe lidalimbapo, likutha tikuona. Phiri lopanda mitengo limakhala ngati denga la malata: mvula ikagwa, madzi onse amatsika nthawi imodzi, kudzaza Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula m'mphindi zochepa. Malawi idalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nkhalango ndi nthaka yoguga pofika 2030, ndipo chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 December n'kutsekedwa pa 15 April. Timamva chiwerengero cha mbande zobzalidwa. Chiwerengero cha zomwe zapulumuka pofika October sitichimva kawirikawiri, pamene chofunika ndi chimenecho.

Mbande zimafa pa zifukwa zomwe aliyense wa zankhalango amadziwa. Zobzalidwa mu March zimapeza mvula ya milungu yochepa, mizu isadazame, chilimwe n'kuzipsereza. Nthawi yabwino ndi December ndi January nthaka ikanyowa bwino. Dzenje likhale la masentimita osachepera 30 m'lifupi, m'litali ndi kuya, lokulirapo pa nthaka yolimba, dothi lapamwamba libwerere pansi losakaniza ndi manyowa. Mbande ikhale yotalika masentimita 20 mpaka 30, itazolowezedwa dzuwa ndi madzi ochepa kwa milungu ingapo isadachoke ku nazale. Chubu cha pulasitiki chichotsedwe, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pa miyambo yobzala mitengo mbande zina zimakwiriridwa ndi chubu chomwe. Kenako pamafunika kupalira, kuteteza ku mbuzi ndi chiswe, ndi kulambula njira zotchinga moto za mamita osachepera anayi mu May ndi June udzu usadaumitsitse. Ntchito zimenezi zilibe makamera, ndiye n'zomwe bajeti imayamba kuiwala. Moto umodzi wa osaka mbewa mu September umafafaniza ntchito ya zaka zitatu.

Pamapiri ambiri njira yachangu ndiponso yotsika mtengo ndi kulola zitsa ziphukire. Mizu ya msuku, mombo ndi tsanya imakhalabe yamoyo pansi kwa zaka. Pa chitsa chilichonse musiye mphukira ziwiri mpaka zisanu zowongoka ndi zamphamvu, zinazo mudule ndi chikwanje chakuthwa, kudula chokweza kuti khungwa lisasendeke. Poti mizu ndi yakale, mitengoyi imapirira chilala ndi chiswe kuposa mbande. Chofunika n'chakuti anthu ozungulira akhale ndi pangano lolembedwa ndi nthambi ya zankhalango, lonena zomwe adzapindule: nkhuni zosadzula, bowa, masuku, ming'oma ya njuchi. Popanda phindu, mlonda mmodzi sangalimbane ndi mzinda wonse. M'minda ya m'mbali mwa phiri muikidwe akalozera ndi mizere ya vetiva, mapesi ake otalikirana masentimita 10 mpaka 15.

Apa tisanamizane. Mitengo imachepetsa kukokoloka kwa nthaka ndi liwiro la madzi, koma siingaletse napolo aliyense. Mvula ngati ya Freddy ikagwa masiku atatu pa phiri lotsetsereka kwambiri, dothi limakhuta madzi mpaka pa thanthwe n'kutsetsereka pamodzi ndi mitengo yomwe, monga zidachitikira ku Mulanje ndi Phalombe. Pamalo otere, kukumba ngalande zomwetsa madzi pamwamba pa nyumba za anthu kungawonjezere ngozi. Amene amanga m'zigwa zotsikira madzi za Soche ndi Ndirande ayenera kupatsidwa malo ena okhala ndi madzi, msewu ndi sukulu, apo ayi adzabwerera. Lamulo lothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 likupereka mphamvu zoletsa kumanga pamalo oopsa. Khonsolo ya mzinda ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA aike zizindikiro zooneka pa malowo, ndipo aliyense wogulitsa poloti pamenepo, kaya ndi mfumu kaya ndi wandale, ayankhe mlandu.

Zinyalala ndi gawo lomwe khonsolo ingachitepo kanthu osadikira madola. Zambiri zopita ku mtaya wa Mzedi ndi zowola: masamba, makoko a nthochi ndi mbatata, tomato wophwanyika wa mumsika wa Limbe ndi wa Blantyre. Zikaunjikana popanda mpweya zimatulutsa methane, ndipo ndi mpweya womwewu umene umasunga moto wosazima pa mtayapo. Zikasankhidwa pa msika pomwepo n'kupangidwa kompositi, methane amachepa kwambiri ndipo alimi a ku Lunzu, Chileka ndi Mpemba amapeza manyowa. Mulu ukhale wa mita imodzi ndi theka m'lifupi ndi msinkhu, kusanjikiza zouma monga udzu ndi mapesi ndi zaziwisi, pamodzi ndi ndowe pang'ono. Chinyezi chiyesedwe ndi dzanja: mukafinya patuluke dontho limodzi kapena awiri. Mutembenuze pakatha milungu iwiri iliyonse. Pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa. Mulu ukanunkha ngati dzira lovunda ndiye kuti wanyowetsa ndipo mpweya sukulowa, muwonjezere zouma n'kutembenuza. Ukapanda kutentha mkati ndiye kuti zaziwisi kapena madzi zachepa. Chosowa ndi migolo iwiri pa msika uliwonse, malo ochepa, ndi anthu olipidwa kuti azisankha. Mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 pa muyezo wa kukhuthala kwake, omwe adaletsedwa kuyambira 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo lidatsimikiza chiletsocho mu 2019, ndiwo amaipitsa kompositi ndi kutseka ngalande za mu mzinda.

Za njerwa sitichulukitsa. Malamulo a 2018 a bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga adaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu, koma mauvuni a njerwa akufukabe ku Machinjiri, Chileka ndi Mpemba chifukwa nyumba za anthu wamba ndizo zochuluka. Mabuloko a simenti nawonso ali ndi mpweya wake, pakuti kupanga simenti kumatulutsa carbon dioxide wambiri. Njerwa zopanikiza za dothi losakaniza simenti pang'ono ndiye zapakati, bola ziziumitsidwa pamthunzi ndi kuthiriridwa madzi kwa milungu, chifukwa zoumitsidwa padzuwa zimafumbutuka. Pa magalimoto tili ndi poyambira: dziko lino lakhala likusakaniza ethanol, mafuta ochokera ku nzimbe, mu petulo kuyambira 1982, wochokera ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Utsi wakuda wa minibasi pa msewu wa Chipembere umachokera ku sefa ya mpweya yotsekeka ndi manozo otha, ndipo mwini galimoto amaluza mafuta nthawi yomweyo. Woyeza galimoto asamapereke chiphaso asadaone utsi.

Ulimi, womwe uli pamwamba pa chiwerengero cha boma, uli ndi mfundo imodzi yomwe mlimi angaigwire lero. Feteleza wa yuleya akamwazidwa pamwamba pa dothi padzuwa, gawo lina limauluka; akathiridwa m'nthaka yodikha madzi, amatulutsa nitrous oxide, yemwe mphamvu yake yotenthetsa dziko imaposa ya carbon dioxide kuwirikiza koposa ka 250. Aikidwe m'kabowo masentimita pafupifupi 10 kuchokera pa phesi, n'kukwiriridwa, nthaka ili yonyowa koma yosadikha madzi. Mapesi asatenthedwe, aphimbire nthaka. Nandolo, yemwe kuno kumwera timamudziwa kale, ndi mitengo ya gliricidia ndi msangu zimabwezera chonde ndi kuchepetsa matumba ogula. Apa kuchepetsa mpweya ndi kupulumutsa ndalama ndi ntchito imodzi.

Tsono ndalama zichokera kuti? Thumba lothandiza maiko osauka pa zomwe awonongekeredwa ndi kusintha kwa nyengo lidavomerezedwa pa msonkhano wa zanyengo wa United Nations ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt mu 2022 n'kukhazikitsidwa pa wa ku Dubai mu 2023, ndipo nthumwi zathu zipitirize kulimbikira, pakuti kukonzanso zomwe Freddy yekha adawononga kudawerengeredwa pa madola pafupifupi 680 miliyoni. Malonda a kaboni, momwe makampani otulutsa mpweya amalipira ena kuti auchepetse m'malo mwawo, omwe boma lidawakhazikitsira ndondomeko mu 2023, angabweretse ndalama kudzera mu mbaula ndi nkhalango, koma ali ndi msampha: kampani imawerenga mbaula zogawidwa ngati zonse zikugwira ntchito tsiku lililonse, n'kugulitsa mpweya womwe sudachepe, pamene mayi wophikayo ndi mudzi wosunga nkhalangowo sadziwa kuti pa dzina lawo padutsa ndalama zingati. Mapangano amenewa aziikidwa poyera, ndi gawo lopita kwa anthu litalembedwa momveka.

Ndipo pali ndalama yathuyathu. Kuyambira 2019 oyendetsa galimoto akhala akulipira msonkho wa kaboni, poyamba popangitsa chiphaso cha galimoto, kenako kudzera pa mtengo wa mafuta. Aphungu a Blantyre afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti msonkhowu watolera zingati chaka ndi chaka, ndipo zingati mwa izo zafika ku nthambi ya zankhalango, ku nthambi ya zanyengo yomwe likulu lake lili mu mzinda uno, ndi ku khonsolo. Yankho lake lisindikizidwe m'Chichewa m'nyuzipepala ino, pamodzi ndi chiwerengero cha ziphaso za makala zomwe zaperekedwa m'chigawo cha kumwera ndi cha mbande za chaka chatha zomwe zapezeka zamoyo mu October.

Ife owerenga anu,
Blantyre